KALUMO KAKUTHWA: MBIRI YA ASILIKARI A S.A.S. NDI MSEU WA KUM'MAWA

 Ambiri a inu kwanu ndi Kum'mawa, ndipo mukalandira chuti mumakwera basi ku Lusaka kulinga ku Nyimba ndi ku Petauke. Ena mumatsikira pa Nyimba ndi kulowa m'cigwa ca Luangwa, kwa Mwape. Mutayenda mamailosi ngati 30 kucokera ku Lusaka mumaoloka mtsinje wa Chongwe, kawirikawiri osazindikira n'komwe kuti mwaoloka. Koma m'mwezi wa November 1979 ulalo wa pamenepo unagona m'madzi. Sunagwe ndi cigumula ai, ndiponso sikunabwere khamu lalikuru la nkhondo. Anauphulitsa ndi anthu owerengeka, asilikari a Rhodesia a gulu lochedwa Special Air Service, mwacidule S.A.S. Lero tilongosola kumene gululi linacokera, maphunziro ace, zida zace ndi nchito zace, pakuti mbiri yace inakhudza dziko lathu koposa m'mene ambiri aganizira.

CIYAMBI CACE M'CIPULULU

Gululi linabadwa pa nkhondo ya Hitler. M'caka ca 1941 Angerezi anali kulimbana ndi Ajeremani ndi Ataliyana m'cipululu ca Egypt ndi Libya. Ofisala wina wacinyamata, dzina lace David Stirling, anaona kuti ndege za adani, zoopsa zikakhala m'mwamba, zimasanduka ngati nkhuku za m'khola zikatera pansi usiku. Maganizo ace anali akuti anthu anai kapena asanu ofika mosaoneka angathe kuononga bwalo la ndege limene mazana a asilikari ofika ndi phokoso angalephere. Akuru a nkhondo anamlola kusonkhanitsa amuna ngati 60, namanga msasa pa Kabrit, pafupi ndi ngalande ya Suez.

Ulendo wao woyamba, m'mwezi wa November 1941, unatha ndi maliro. Analumpha m'ndege ndi maparachuti usiku wa namondwe. Mphepo inawamwaza, katundu anatayika, ndipo mwa amuna atatu alionse mmodzi yekha ndiye anabwerako. Otsalawo anasintha njira. Anayamba kukwera malori a gulu lina lodziwa cipululu, la Long Range Desert Group, ndi kutsiriza ulendo wa pansi mumdima. Mnzao Jock Lewes anapanga kabomba kolemera paundi imodzi yokha, kamene kamaphulika ndi kuyatsa moto mwini wace atapita kale. Pambuyo pace analandira majipi omangirira mfuti za ciwaya, ndipo m'mwezi wa July 1942 majipi 18 analowa pa bwalo la Sidi Haneish usiku nayenda pakati pa ndege akuombera. M'cipululu monsemo anaononga ndege zoposa 250. Stirling anagwidwa m'mwezi wa January 1943. Nkhondo itatha anadzakhala ku Southern Rhodesia, ndipo ndiye anayambitsa bungwe la Capricorn Africa Society limene linacita msonkhano ku Salima m'caka ca 1956.

M'NKHALANGO ZA MALAYA

Kuno kwathu gululi linafika kudzera ku Malaya. M'caka ca 1948 kunabuka nkhondo kumeneko pakati pa Angerezi ndi acikomyunizimu obisala m'nkhalango. Major Mike Calvert anapatsidwa nchito yoyambitsa gulu lowatsata m'nkhalango momwemo, ndipo anadza ku Southern Rhodesia kudzafuna anthu. Odzipereka anali ngati 1,000, koma anasankhapo 100 okha, onse Azungu. Mtsogoleri wao anali mnyamata wa zaka 24, Peter Walls. Sungani dzina limeneli. Anafika ku Malaya m'caka ca 1951, nachedwa C Squadron ya S.A.S., nabwerera m'caka ca 1953 atataya anzao atatu.

Ku Malaya anaphunzira kukhala m'nkhalango masabata ambiri osatuluka, cakudya cao cikuponyedwa ndi ndege. Anaphunzira kulumpha ndi parachuti pamwamba pa mitengo itali-itali, ndi kutsika pa cingwe parachutiyo ikakodwa m'nthambi. Koma luso lalikuru, la kulonda mapazi, anawaphunzitsa ndi anthu a mtundu wa Iban ocokera ku Borneo. Ndilo luso lomwe ali nalo fundi aliyense wa m'cigwa ca Luangwa: kuwerenga udzu wopindika, kudziwa kumene mphepo ilowera, kuyenda wosathyola kamtengo, kudikira tsiku lonse wosatsokomola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisaiwale kuti ana a kwathu nawonso anali m'nkhalango zomwezo: a King's African Rifles a ku Nyasaland kuyambira 1952, ndi a Northern Rhodesia Regiment kufikira 1956. Anamenya nkhondo yomweyo, koma cipata ca C Squadron cinali cotseka kwa munthu wakuda.

KASANKHIDWE NDI MAPHUNZIRO

Msilikari salowa m'gulu lotere mokakamizidwa. Adzipereka yekha, ndipo ayamba wayesedwa. Ku Mangalande mayesowo acitikira m'mapiri a Brecon Beacons, ku Wales. Munthu apatsidwa mapu, kampasi, mfuti ndi katundu wa kumsana, nauzidwa kuti afike pakutipakuti pa nthawi yakuti. Tsiku ndi tsiku mtunda utalika ndipo katundu alemera, kufikira ulendo wotsiriza wa mamailosi 40 ndi katundu wa mapaundi 55, umene ayenera kuutha m'maora 20. Palibe womkalipira, palibenso womlimbikitsa. Wofuna kuleka aleka, ndipo ambiri aleka. Cimene akuru afuna kuona si minofu yokha, koma mtima wa munthu amene angathe kuganiza bwino ali yekha, wotopa, wanjala, popanda womlamula.

Wopambana ndiye ayamba sukulu yeniyeni: kulumpha m'ndege, kuphulitsa zitsulo ndi maulalo, kutumiza mau pa wailesi, kusoka bala ndi kupalasa bwato usiku. Amayenda anai-anai, aliyense ndi luso lace: wina wa wailesi, wina wa mankhwala, wina wa mabomba, wina wa zinenero, koma yense adziwako nchito ya mnzace, kuti mmodzi akagwa ulendo usafe. Akatsiriza alandira cisoti ca mtundu wa mcenga.

ALENDO A KU NDOLA

M'caka ca 1961 Boma la Federation linadzutsanso C Squadron, ndipo popeza ku Congo kunali cipwirikiti, linaikhazika pa Ndola, pakati pa migodi yathu. Akuru anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendo amenewa analidi nako. Federation inatha pa 31 December 1963, ndipo otsala a gululo anasamukira ku Salisbury, atadziwa kale miseu, mitsinje ndi chire la dziko lino. Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Pa 11 November 1965 Ian Smith anapandukira Mangalande kuti Azungu apitirize kulamula Rhodesia. President Kaunda anatsegulira khomo omenyera ufulu a ZAPU, a ZANU ndi a FRELIMO, akudziwa kuti wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Kung'animako kunayambira kufupi ndi kwathu. M'caka ca 1968 FRELIMO inatsegula nkhondo m'dziko la Tete, limene licita malire ndi Nyimba ndi Petauke, ndipo pambuyo pace ankhondo a ZANU anadzera momwemo popita ku Rhodesia. A S.A.S. analowa m'Tete kuthandiza Apwitikizi ndi kusaka ankhondowo. Zida zao zinali zoyenera nchito ya kabisira. Amadzola zakuda kumaso ndi m'manja, nabvala ngati omenyera ufulu, nanyamula mfuti za AK-47 zonga za adani ao, kuti wowaona patali asawazindikire. Anali ndi mabwato opinda a nsaru oolokera Zambezi, mabomba okwirira m'mseu, ndi wailesi yoitanira ndege. Ena amalumpha kucokera kumwamba kwambiri, kumene ndege simveka, ndi kutsegula parachuti atayandikira pansi. Pofika 1977 mkuru wa magulu onse a nkhondo a Rhodesia anali Peter Walls uja.

CAKA CA MAULALO

M'caka ca 1979 anatembenukira pa Zambia peni-peni. Pa 13 April anaolotsa magalimoto a Land Rover pa nyanja ya Kariba, opakidwa utoto wonga wa asilikari athu, nayenda pa mseu kufikira m'Lusaka. Anagumula nyumba ya Joshua Nkomo, kufupi ndi State House, koma mwini wace munalibemo. Nthawi yomweyo anamiza pantuni wa pa Kazungula. M'mwezi wa October anatera ndi maparachuti kumpoto, natsata mtsinje wa Chambeshi m'mabwato, naphulitsa ulalo wa njanji ya TAZARA ndi wa mseu womwe. Inu a ku migodi mudziwa tanthauzo lace: njanjiyo, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, ndiyo inamangidwa kuti mkuwa wathu ufike ku nyanja wosadzera kwa Smith.

M'mwezi wa November anagwetsa maulalo ena angapo ozungulira Lusaka, ndipo wa pa Chongwe unali umodzi. Kucokera ku Lusaka kupita Kum'mawa kulibe njanji. Mseu waukuru ndi umodzi wokha. Kudula mseuwo pa nyengo ya mvula yoyamba, pamene mlimi ayembekeza feteleza ndi mbeu, ndiko kugwira pakhosi munthu wa kwa Mwape, wa kwa Nyalugwe ndi wa kwa Kalindawalo, amene mwina sanaonepo msilikari wa Rhodesia ndi maso. President Kaunda anaitana asilikari akale kuti abwerere ku nchito, ndipo dziko lonse linakhala cire.

Komabe maulalo ogwawo sanapulumutse Smith. Pa 21 December 1979 pangano la mtendere linalembedwa ku Lancaster House, ku London, ndipo pa 18 April 1980 Zimbabwe inabadwa. Kumapeto kwa caka comweco gulu la S.A.S. la Rhodesia linathetsedwa, ambiri ace napita ku South Africa. Koma linasiya mbeu yoipa. Linathandiza akazitape a Rhodesia kuphunzitsa zigawenga za RENAMO, ndipo kuyambira 1987 zigawengazo zinayamba kulumpha malire ndi kupha ndi kulanda m'midzi ya Kum'mawa. Othawa nkhondo a ku Mozambique anadzaza msasa wa Ukwimi ku Petauke, ndipo mtendere unadza ndi pangano la ku Rome m'caka ca 1992.

CIMENE TIPHUNZIRAPO

Zinthu ziwiri zioneka m'mbiri imeneyi. Coyamba, maphunziro amanola munthu, koma samuuza woyenera kumlasa. Luso limene linatentha ndege za Hitler m'cipululu ndilo lomwe linagwetsa maulalo a dziko laufulu pofuna kusunga ulamuliro wa anthu ocepa. Caciwiri, gulu lotere lingathe kupambana usiku uliwonse, koma silingagulire boma mitima ya anthu, a S.A.S. analephera maulendo ocepa, koma boma lao linagwa ndithu.

Zambia nayo iri ndi makomando ace, ndipo msasa wao uli pa Mushili, ku Ndola komwe kuja. Dziko lozingidwa ndi malire ambiri ngati lathu liyenera kukhala nako kalumo kotere. Nchito ya inu ndi ine, eni dziko, ndiyo kuyang'anira dzanja limene likagwira, kuti likhale la Boma losankhidwa ndi anthu ndi lomvera malamulo.