Mbiri ya Kutsitsimutsa Dzino la Mwana Lomwe Muzu Wake Sunakhwime

Dzino lachikulire likamera m'kamwa mwa mwana wa zaka 7 kapena 8, muzu wake umakhala usanathe kukula, ndipo pamapita zaka pafupifupi zitatu kuti nsonga yake itsekeke, makoma ake n'kukhuthala. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mnofu wofewa wa m'kati mwa dzino momwe mumadutsa mitsempha ndi magazi, kotero kuti dzino likathyoka kapena kubooka, tizilombo n'kupha mnofuwo, muzu umaima pomwepo uli wopyapyala ndi wotseguka kunsonga.

Mu 1961, Birger Nygaard-Østby wa ku Norway anaonetsa kuti magazi akaundana m'ngalande ya muzu mumatha kumera mnofu watsopano, koma madokotala ambiri anatsata njira imene Alfred Frank anafalitsa mu 1966, yothira calcium hydroxide, mankhwala a mtundu wa laimu, kwa miyezi yambiri mpaka nsonga itatsekeka. Njirayi inkathetsa mafinya, koma makoma ankatsala opyapyala ndipo dzino linkathyoka msanga. Simenti ya MTA, imene Mahmoud Torabinejad anapanga ku yunivesite ya Loma Linda cha m'ma 1990, inafupikitsa nthawi yodikira popanda kukulitsa muzu.

Zinthu zinatembenuka mu 2001 pamene Iwaya ndi anzake ku Japan anafotokoza za dzino lamafinya lomwe muzu wake unapitiriza kukula atangopha tizilombo, ndipo mu 2004 Banchs ndi Trope analongosola ndondomeko yake: kutsuka ngalande, kuikamo mankhwala opha tizilombo kwa masabata angapo, kenaka kubaya kunsonga kuti magazi adzaze ngalandeyo atanyamula maselo oyambitsa minofu, n'kutseka pamwamba ndi MTA. Chimene chimameramo nthawi zambiri chimafanana ndi fupa osati mnofu weniweni wa dzino, ndipo mankhwala opha tizilombo a minocycline amadetsa dzino, komabe muzu wokhuthala ndi phindu lalikulu kwa mwana.

Ku Luangwa, tauni yomwe kale inkatchedwa Feira ndipo ili pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi moyang'anizana ndi tauni ya Zumbo, vuto lalikulu si mtengo wa mankhwalawa ayi. Njirayi imafuna ekisire, ukhondo wokhwima ndiponso kuti mwana abwerenso kangapo kwa chaka kapena kuposerapo, pamene banja la msodzi limavutika kufika ngakhale pachipatala cha mishoni cha Katondwe, ndipo Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 300. Mwana akafika tsaya litatupa, chapafupi chimakhala kuzula, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti dzino loti akanatafunira zaka 60 limatayika ali ku pulayimale. Popeza sukulu ya zaudokotala ya Copperbelt University ku Ndola tsopano imaphunzitsa madokotala a mano, ndipo ku Lusaka kumaphunzitsidwa othandiza awo, chofunika n'choti ena mwa iwo atumizidwe kuchigwa chino ndi makina a ekisire.