Kuchoka Kukomboni Kupita Kumayadi: Lusaka Pambuyo pa 1964

Pamene atsamunda ankasamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone kupita ku Lusaka mu 1935, mzindawo sanaumangire munthu wakuda. Iye ankalowamo ngati wantchito, chitupa chili m'thumba, ndipo madzulo ankabwerera kumphepete kwa mzinda: ku Kabwata, ku Chilenje, ku Matero, kapena m'misasa ya pa malo a azungu. N'chifukwa chake makomboni ena, monga John Laing ndi John Howard, akudziwikabe ndi mayina achizungu. Ngakhale Kenneth Kaunda ankakhala ku Chilenje, m'nyumba nambala 394, kuyambira 1960 mpaka 1962.

Ufulu utabwera mu 1964, ogwira ntchito m'boma anayamba kulowa m'nyumba za ku Kabulonga, Woodlands ndi Rhodes Park. Anthu anatcha maderawa mayadi, chifukwa nyumba iliyonse inali ndi bwalo lakelake lotchingidwa ndi mpanda. Dzinalo silinatchule magetsi kapena madzi a m'mipope. Linatchula mpandawo, ndipo ine ndikuona kuti olitcha anakhudza penipeni.

Kukomboni mchere ukatha unkatuma mwana kwa mnansi. Maliro akagwa, mzere wonse wa nyumba unkagona pa siwa. Kumayadi mnansi sankaoneka, ndipo mlendo ankayamba walonjerana ndi galu pageti asanaodire. Amene anamva kwambiri kulemera kwa bata limeneli anali amayi, omwe anasiya anzawo ocheza nawo pampope ndi pamtondo n'kumatha tsiku lonse okha m'nyumba yaikulu.

Koma osamukawo sanangogonjera mzinda. Pamene mzungu ankathirira kapinga iwo anadzala chimanga ndi chibwabwa. Kanyumba ka wantchito kuseri kanadzaza ndi adzukulu ochokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, odzafuna sukulu ndi ntchito. Loweruka ankabwerera ku Matero kukaona abale, Lamlungu kukapemphera ku tchalitchi chawo chakale.

Chimene chinavuta kusamuka nacho ndi chilankhulo. Kuyambira 1966 Chingerezi chinakhala chophunzitsira kuchokera m'kalasi yoyamba, ndipo m'nyumba zambiri za kumayadi chinalowa mpaka pa tebulo lodyera. Chinyanja chinakulira kukomboni, kumsika ndi m'mabasi, chikubwereka mawu ku Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi. Inu a ku Lilongwe ndi ku Tete mukamaseka Chinyanja cha ku Lusaka kuti n'chosakaniza, mukuseka chilankhulo cha anthu amene sanapatsidwe makiyi a ku Kabulonga.