Bwalo la Madikoni M'munsi mwa Nyambadwe

Omvera amene adafikako mumzinda wa Blantyre akulidziwa phiri la Nyambadwe, ndiponso tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels chimene chili chakumunsi kwake. Pamalo amenewa padabuka mkangano umene udatenga zaka zambiri kuti uthe, ndipo gwero lake lidali funso ili: kodi woyenera kulamula mpingo ndani, amene akuusamala tsiku ndi tsiku, kapena amene akutumiza ndalama ali kutsidya kwa nyanja?

Mishoni ya Blantyre idayamba mu Okutobala 1876 m'dziko la Mfumu Kapeni. Eni ake adali a Church of Scotland, amene ankaiyang'anira kudzera m'komiti yawo ya ku Edinburgh. Zaka zoyambirira zidali zochititsa manyazi. Amishoni adadzisandutsa oweruza milandu, namakwapula anthu, ndipo mu 1879 adaweruza munthu wina kuti aphedwe ndi mfuti. Mlendo wina dzina lake Andrew Chirnside ataulula zimenezi mu 1880, komiti idachotsa Mbusa Duff MacDonald ndi anzake ena, nilamula kuti amishoni asaweruzenso milandu ya dziko.

Kulamula kudali kosavuta, koma milanduyo sidathe. Midzi yozungulira mishoni idali itadzaza ndi anthu othawa ukapolo, amene adalibe mfumu yowaweruza. Mbusa David Clement Scott atafika mu 1881 adaona kuti njira idalipo kale m'dziko muno, ndiyo bwalo. Iye ankakhala pansi ndi mafumu ndi nyakwawa, mbali zonse ziwiri zikulankhula mpaka nkhani itapsa. Chimang'anja adachiphunzira mozama, kotero kuti mu 1892 adatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a chinenerochi.

M'zaka za 1893 ndi 1894 Scott adasankha ndi kupatula amuna asanu ndi awiri kuti akhale madikoni. Mwa iwo mudali a Mungo Chisuse, katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi, a John Gray Kufa, amene ankagwira ntchito ya chipatala, ndi a Harry Kambwiri Matecheta, mphunzitsi ndi mlaliki amene adakatumikira pakati pa Angoni kudera la Ntcheu. Aliyense adali ndi ntchito yake kale, udikoni udali katundu wowonjezera. Amuna amenewa ndiwo ankathandiza kuona woyenera kubatizidwa, kudzudzula wolakwa ndi kuyanjanitsa oyambana. Ndani wina akadaitha ntchito yotere? Mzungu wongofika kumene sakadadziwa ngati wopempha ubatizo ali pamitala, kapena ngati mkangano wa banja udayambira kwa ankhoswe.

Azungu ena sadakondwe nazo. Amishoni anzake ena pamodzi ndi eni minda ya khofi, makamaka R. S. Hynde amene poyamba adali mphunzitsi wa mishoni yomweyo, adadandaula ku Edinburgh kuti Scott akulamula yekha, akuwononga ndalama, ndipo akupembedza motsata miyambo yachilendo mumpingo wawo. Woziona bwino nkhanizi sangalephere kuzindikira chimene chinkawawa kwenikweni: mawu a dikoni wachikuda ankamveka msanga kuposa a mzungu.

Mu 1897 komiti idakhazikitsa bungwe lofufuza. Bungwelo silidampeze Scott ndi mlandu waukulu, komabe eni mishoni adapambana mwa njira ina. Mphamvu zidaikidwa m'manja mwa Khonsolo ya Mishoni, m'mene munkakhala azungu okhaokha, oyankha ku Edinburgh. Ndalama, nyumba, sukulu, malipiro a aphunzitsi ndi kusamutsa antchito, zonsezi zidakhala za khonsoloyo. Scott, amene adali atataya mkazi wake ndi mbale wake mu 1895, adachoka mu 1898. Pambuyo pake adakatumikira ku Kikuyu m'dziko la Kenya, komwe adamwalira mu 1907. Utsogoleri udatsala ndi Dr Alexander Hetherwick, ndipo bwalo la madikoni lidalowedwa m'malo ndi seshoni ya akulu a mpingo monga amachitira ku Scotland.

Chotero padakhala mabwalo awiri. M'seshoni, akulu a mpingo Achimalaŵi ankasenza ntchito yonse yolemera popanda malipiro. Ankayenda mitunda yaitali pansi kukaona odwala, kumva milandu ya maukwati, kusonkhetsa zopereka ndi kumangitsa nyumba zopemphereramo za udzu m'midzi. Mpingo udakula ndi mapazi awo. Koma pakakhala nkhani ya thumba la ndalama kapena ya malo, iwo ankangomva zimene khonsolo yagamula, chitseko chili chotseka.

Madikoni aja adayenda njira zosiyana. A Kufa adasiya ntchito ya mishoni nakagwira ya chipatala pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Mu Januwale 1915 adagwirizana ndi Mbusa John Chilembwe poukira boma la atsamunda, ndipo boma lidawapha. A Matecheta adapirira. Adadikira kufikira 1911 pamene adadzozedwa ubusa pamodzi ndi a Stephen Kundecha, kukhala abusa oyamba Achimalaŵi a Blantyre. Mu 1951 adatulutsa buku lofotokoza chiyambi cha mishoniyi m'chinenero chathu.

Ngakhale mpingo wa CCAP udakhazikitsidwa mu 1924, khonsolo ya azungu idapitirizabe kusunga thumba kwa zaka zina zoposa makumi atatu. Idathetsedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, katundu ndi ulamuliro zitaperekedwa kwa Sinodi ya Blantyre. Mu 1962 Mbusa Jonathan Sangaya adakhala Mmalaŵi woyamba pa udindo wa mlembi wamkulu wa sinodiyo.