Ndarama za Ulendo wa Nchito ku California

Inu omvera, tamvani mbiri ya lamulo lina la ku California, cigawo ca Amereka. Mu 1872 analemba kuti wolemba nchito abwezere wanchito ndarama zonse zimene wataya pogwira nchito yace. Mu 1937 mauwa analowa m'buku la malamulo a nchito, ndime 2802. Pambuyo pace anthu oyenda pa magalimoto ao kukafuna malonda anasumira kampani ya Harte-Hanks. Mu 2007 bwalo lalikuru la cigawoco linaweruza kuti kampani ingathe kulipira powerenga mamailo, poona zimene zinagulidwa, kapena poonjeza malipiro, koma ndarama za ulendo zidziwike pazokha. Motero petulo wa ulendo wa bwana sadya malipiro odyetsa ana a wanchito.