Matiramu Akale a ku New Orleans

Tiramu ndiyo ngolo yonyamula anthu, yoyenda pa njanji pakati pa mseu wa mumzinda. Ku New Orleans, m'dziko la Amereka, njanji ya mumseu wa St. Charles inatsegulidwa m'caka ca 1835. Kale ngolozo zinali kukokedwa ndi akavalo, koma mu 1893 zinayamba kuyenda ndi magetsi.

Mabasi atacuruka, akuru a mzindawo anayamba kutseka njanji, kotero kuti mu 1964 inatsala ya St. Charles yokha. Matiramu ace obiriwira, opangidwa mu 1923 ndi 1924, akali kunyamula anthu kufikira lero, popeza amisiri amawakonza kosalekeza. Tsono mu 2004 eni mzinda anabwezera njanji mumseu wa Canal, imene anaitseka zaka 40 zapitazo.