Kufooka kwa okalamba ndi sitiroko: funso lomwe linandisowetsa chonena

Chaka chatha agogo anga aakazi atadwala sitiroko, adokotala anandifunsa kuti: "Masabata awiri apitawa ankasamba okha? Ankayenda mpaka pati?" Abale, ndinangoti kakasi. Timakhala nyumba imodzi, koma chomwe ndinkadziwa ndi zaka zawo basi.

Funsolo silinali locheza. Ankafuna adziwe mphamvu zomwe agogo anali nazo asanadwale. Azachipatala ali ndi mawu oti frailty, kutanthauza kufooka komwe kumasiya thupi lopanda mphamvu zosungira, moti kamatenda kakang'ono kamamugwetseratu munthu. Si ukalamba chabe ayi. Pali agogo a zaka 80 omwe amalima okha, pomwe ena a zaka 65 kudzuka pampando n'kovuta.

Mu 2001, Linda Fried ndi anzake ku America anatchula zizindikiro zisanu: kuwonda popanda chifukwa, pafupifupi makilogalamu 4.5 pachaka, kutopa nthawi zonse, manja opanda mphamvu, mwachitsanzo kulephera kufinya chovala pochapa, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kungokhala osachita kanthu. Zikapezeka zitatu kapena kuposa, munthuyo ndi wofooka. Chimodzi kapena ziwiri, ali panjira.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi sitiroko? Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Wofooka kale amavutika kwambiri kuchira. Akagona masiku ochepa minofu imatha msanga, zilonda zapabedi zimabwera, ndipo ngati sakumeza bwino, chakudya chimalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Yankho lanu pa funso lija limathandiza achipatala kusankha chithandizo ndi masewera olimbitsa thupi omuyenera. Koma kufooka si chifukwa chonenera kuti "akula basi, asiyeni."

Mukaona kukamwa kwapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu sakumveka, thamangirani kuchipatala ndipo kumbukirani nthawi yomwe zayambira. Komwe mankhwala osungunula magazi oundana alipo, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka. Osawapatsa aspirin kunyumba, chifukwa ngati mtsempha waphulika mungawonjezere vuto. Phala ndi madzi zidikire mpaka achipatala aone ngati akumeza bwino.

Akabwerera kunyumba, ngati sakutha kutembenuka okha, muziwatembenuza pakatha maola awiri aliwonse. Adye atakhala tsonga. Masewera omwe a physiotherapy akuphunzitsani achitike tsiku lililonse, ndipo mankhwala a BP kapena a shuga asasiyidwe.

Chosangalatsa n'choti kufooka kumachepetseka sitiroko isanabwere. Kuyenda, kudzuka ndi kukhala pampando kangapo patsiku, kudya nyemba, mazira, usipa ndi ndiwo zotendera, zonsezi zimasunga minofu. Ifeyo tinalakwitsa pamenepa. Chifukwa cha ulemu tinkawalanda agogo tsache, mtondo, ngakhale kaulendo ka kumsika, tikumati "khalani pansi agogo, tichita ndife." Timayesa chikondi, kusadziwa kuti tikuwafooketsa.

Pano agogo amayenda ndi ndodo mpaka pa geti, ndipo akafuna kusesa pakhonde palibe amawaletsa. Inunso lero ikani foni pansi kaye, muone m'mene agogo anu akudzukira pampando. Tsiku lina adokotala adzakufunsani.