Kadyetsedwe ka kamphaka kodwala m'mimba ndi kowengedwa ndi zakudya

M'midzi ya kwa mfumu yaikulu Kanduku m'boma la Mwanza, monganso m'madera ambiri m'dziko muno, mphaka saweteredwa kukongoletsa pakhomo. Ntchito yake ndi kulondera chimanga, mtedza ndi nandolo kuti makoswe asagawane ndi banja zokolola zimene lazivutikira chaka chonse. Kamphaka kakafa kasanakule, ndiye kuti khomolo lataya mlonda.

Limodzi mwa mavuto amene amafooketsa timphaka kawirikawiri ndi kutsegula m'mimba ndi kusanza. Nthawi zina gwero lake limakhala matenda, nthawi zina chakudya chosayenera, ndipo mwa apo ndi apo limakhala kuwengedwa. Kusiyanitsa zitatuzi ndiye chiyambi cha kusankha chakudya choyenera.

Mimba ya mphaka ndi ya nyama

Galu amatha kukhala ndi moyo pa nsima ndi zotsala za patebulo, koma mphaka analengedwa mosiyana. Matumbo ake ndi aafupi, ndipo malovu ake alibe mphamvu yoyamba kugaya zakudya za ufa monga momwe malovu a munthu amachitira. Thupi lake limadalira mapuloteni ndi mafuta ochokera ku nyama.

Mu nyama muli mchere wa thupi wotchedwa taurine umene mphaka sangathe kudzipangira wokwanira. Ukasowa, maso amawonongeka mpaka khungu, ndipo mtima umafooka. Mu 1987, Paul Pion ndi anzake a pa University of California, Davis, ku America anaonetsa kuti matenda ena a mtima mwa amphaka amabwera chifukwa cha kuchepa kwa taurine, ndipo chiyambire pamenepo makampani opanga zakudya za amphaka anawonjezera mlingo wake. Mphaka sangathenso kupeza vitamini A kuchokera ku masamba kapena maungu monga amachitira munthu. Amayenera kuipeza mu nyama.

N'chifukwa chake kamphaka kodyetsedwa mkute, phala kapena nyama ya soya tsiku ndi tsiku kamatupa mimba koma osanenepa. Chakudya cha agalu cha m'masitolo nachonso sichikwanira kwa mphaka.

Si kutsegula kulikonse kumene kuli kuwengedwa

Mwini mphaka asanaganize za kuwengedwa, ayenera kuyamba wathana ndi zifukwa zofala.

Choyamba ndi njoka za m'mimba. Kamphaka kamatha kutenga njoka kuchokera mu mkaka wa mayi wake, ndipo zizindikiro zake ndi mimba yotupa, ubweya wonyankhalala ndi kuwonda. Mankhwala a njoka amayambidwa kamphaka kakakwanitsa masabata 3, n'kumabwereza pakatha masabata 2 aliwonse mpaka kafike miyezi iwiri, kenako kamodzi pa mwezi kufikira miyezi 6. Mlingo wake umatengera kulemera kwa kamphakako, choncho ndi mlangizi wa ziweto amene ayenera kuupereka. Palinso tizilombo tina tosaoneka ndi maso, monga Giardia ndi coccidia, timene timapezeka poyeza chimbudzi.

Chachiwiri ndi mkaka wa ng'ombe. Ambiri amakhulupirira kuti mkaka ndiye chakudya cha mphaka, komatu kamphaka kakasiya kuyamwa, thupi lake limachepetsa mphamvu yogayira shuga wa mu mkaka. Shuga wosagayikayo amakoka madzi m'matumbo ndipo zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba. Uku si kuwengedwa, ndipo kumatha mkakawo ukangosiyidwa.

Chachitatu ndi kusintha chakudya mwadzidzidzi, kudya zovunda ndi kulekanitsidwa ndi mayi msanga. Kamphaka kamayamba kulawa chakudya pa masabata 4 ndipo ndi bwino kakhale ndi mayi wake mpaka masabata 8. Nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, nyama kapena nsomba yosiyidwa m'mbale kwa maola angapo imayamba kuwonongeka.

Chachinayi, chimenenso chili choopsa koposa, ndi matenda a panleukopenia, amene amadza ndi kachilombo kofanana ndi ka parvo wa agalu. Kamphaka kamasanza, kamatsegula m'mimba, kamakana chakudya ndipo kamatha kufa m'masiku ochepa. Katemera wake alipo ndipo amayambidwa pa masabata 6 mpaka 8.

Kuwengedwa n'chiyani

Kuwengedwa kumachitika pamene chitetezo cha m'thupi chalakwitsa, n'kuyamba kulimbana ndi puloteni ya m'chakudya ngati kuti ndi mdani. Kawirikawiri chowenga chimakhala chakudya chimene mphaka wakhala akudya kwa nthawi, osati chachilendo. Zakudya zimene zimatchulidwa kwambiri pa kuwenga amphaka ndi nyama ya ng'ombe, nsomba ndi nkhuku, kenako mkaka ndi tirigu.

Mfundoyi ndi yofunika kuno kwathu, kumene ndiwo yaikulu ya mphaka wa pakhomo imakhala usipa, bonya ndi matemba. Nsombazi zili ndi mapuloteni abwino ndipo amphaka ambiri amakula nazo popanda vuto, koma kwa kamphaka kowengedwa ndi nsomba, ngakhale msuzi wake wothira pa nsima ndi wokwanira kudzutsa matenda.

Zizindikiro zake zimaoneka pakhungu, m'mimba kapena monse muwiri. Kamphaka kamadzikanda kwambiri kumutu, m'makutu ndi m'khosi mpaka kutuluka zilonda, ubweya umathothoka, ndipo pakhungu pamatuluka tinkhanambo ting'onoting'ono. M'mimba kamasanza mobwerezabwereza, kamachita chimbudzi chamadzi kapena chamamina, ndipo kamapita kukadzithandiza pafupipafupi. Kuyabwako sikusankha nyengo, kumakhalapo dzinja ndi chilimwe chomwe.

Koma kuyabwa kofananako kumadzanso ndi nthata, tizilombo ta m'makutu ndi zipere. Nthata ndizo zimayabwitsa amphaka kawirikawiri kuposa chakudya, choncho ziyenera kuthetsedwa kaye, ndi mankhwala olembedwa kuti ndi a amphaka.

Kupeza chakudya chowenga

Kuyeza magazi kapena ubweya sikupereka yankho lodalirika pa nkhaniyi. Njira imene madokotala a ziweto amadalira ndi yoyesa ndi chakudya chenichenicho, ndipo ili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba ndi kulemba zonse zimene kamphaka kadyapo chibadwire, kuphatikizapo zimene ana amakaponyera pa nthawi ya chakudya.

Gawo lachiwiri ndi kukadyetsa mtundu umodzi wokha wa nyama umene sikanadyepo. Kwa Kanduku nyama yotere ingakhale ya kalulu, mbuzi, nkhumba yopanda mafuta ambiri, bakha, nkhanga kapena nkhunda. Posankha ndi bwino kutalikirana ndi nyama yokayikiridwa: ngati nkhuku ikukayikiridwa, kalulu kapena mbuzi ndi yabwino kuposa bakha, ndipo ngati ng'ombe ikukayikiridwa, mbuzi si yoyamba kuganiziridwa, poti nyama zapachibale zimatha kuwenga mofanana. Vuto la m'mimba limayamba kuchepa m'masabata 2, pamene la pakhungu limafuna masabata 8.

Pa nthawi yonseyi kamphaka sikayenera kulawa china chilichonse kupatula chakudyacho ndi madzi. Apa ndi pamene pamagona vuto lenileni m'mudzi, chifukwa mphaka amayendayenda, amanyambita miphika ndipo amadya kwa anansi. Kamphakako kayenera kusungidwa m'chipinda, ndi mbale yakeyake komanso beseni la mchenga lodzithandizira, ndipo aliyense wa pakhomo adziwe lamuloli. Mutu umodzi wa usipa ukhoza kubweza m'mbuyo ntchito ya masabata angapo.

Gawo lachitatu ndi kutsimikiza. Kamphaka kakachira, chakudya chakale chimabwezeredwa mtundu umodzi pa nthawi. Zizindikiro zikabwerera, zimene zimachitika pakati pa maola ochepa ndi masabata 2, ndiye kuti chowenga chapezeka ndipo chiyenera kupewedwa moyo wonse wa mphakayo. Popanda gawo limeneli, mwini mphaka akhoza kumawononga ndalama pa chakudya chapadera pamene vuto linali njoka chabe.

Zakudya zopangiratu

Pali zakudya zapadera zimene puloteni yake inaphwanyidwa kukhala tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri kotero kuti chitetezo cha m'thupi sichizizindikira. Zina mwa izo ndi Hill's z/d, Royal Canin Hypoallergenic ndi Purina HA. Palinso zina zongopepukira m'mimba, zothandiza kamphaka kochira ku matenda otsegula. Zakudyazi zimachokera kunja, mtengo wake ndi wokwera, ndipo zimagulidwa kudzera kwa madokotala a ziweto m'mizinda. Kwa wokhala ku Mwanza, zimenezi zikutanthauza ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Blantyre.

Wogula ayenera kuonetsetsa zinthu ziwiri. Choyamba, paketiyo inene kuti chakudyacho ndi choyenera mphaka amene akukula, chifukwa zambiri mwa zakudya zapaderazi zinapangidwira amphaka aakulu. Chachiwiri, awerenge mndandanda wa zosakaniza. Chakudya wamba cha m'sitolo cholembedwa kuti ndi cha nyama ya nkhosa chimatha kukhalanso ndi nkhuku kapena mafuta a nsomba, motero sichingagwiritsidwe ntchito poyesa kuwengedwa.

Kuphika pakhomo

Kwa mabanja ambiri njira yotheka ndi kuphika okha. Nyama iphikidwe bwino m'madzi opanda mchere, mafuta, anyezi, adyo, tomato kapena zokometsera, kenako iduledwe tizidutswa kapena kusinjidwa. Msuzi wake usatayidwe, chifukwa taurine amasungunukira m'madzi ophikirawo. Mtima wa nyama yomweyo uli ndi taurine wambiri ndipo ndi wofunika kuphatikizapo, makamaka ngati nyamayo ndi ya kalulu, imene payokha imaperewera. Chiwindi chiperekedwe pang'ono chabe, poti chikachuluka vitamini A amapitirira muyeso n'kuwononga mafupa.

Mpunga wophika kwambiri kapena mbatata yophika zingawonjezedwe pang'ono, koma nyama ndiyo ichuluke m'mbale. Kasupuni kakang'ono ka dzungu lophika kamathandiza kulimbitsa chimbudzi komanso kufewetsa cha kamphaka kodzimbidwa.

Chenjezo lalikulu ndi la kashiamu. Mnofu wokha uli ndi kashiamu wochepa kwambiri, ndipo kamphaka kodyetsedwa nyama yokhayokha kwa masabata angapo kamafewa mafupa, kamatsimphina ndipo kamatha kuthyoka miyendo pongodumpha. Kashiamu angapezeke ku makoko a mazira otsukidwa, owiritsidwa, owumitsidwa ndi kusinjidwa kukhala ufa wosalala, pafupifupi theka la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya nyama. Ngakhale zili tero, chakudya chophika pakhomo n'chovuta kuchikwaniritsa pa zonse zimene kamphaka kokula kamafuna, choncho dokotala wa ziweto aunike kaphikidweko ngati kuyesaku kupitirira masabata ochepa.

Kadyetsedwe kake

Mimba ya kamphaka ndi yaing'ono, ndipo kosafika miyezi 4 kamafuna kudya kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono. Kamphaka kotsegula m'mimba sikayenera kugonekedwa ndi njala monga ena amachitira ndi agalu aakulu, chifukwa shuga wa m'magazi mwake amatsika msanga. Chakudya chatsopano chilowetsedwe pa masiku 5 mpaka 7, kuyamba ndi gawo laling'ono losakaniza ndi chakale, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku. Madzi akumwa akhale a pamjigo kapena owiritsa, ndipo mbale zitsukidwe tsiku lililonse.

Sikelo ndiyo mboni yabwino. Kamphaka kamabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100 ndipo kathanzi kamawonjezera magalamu pafupifupi 100 pa sabata m'miyezi yoyambirira. Kakaleka kuwonjezera, ndiye kuti chakudyacho sichikukwanira ngakhale chimbudzi chitalimba.

Zoyenera kupewa

Anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka. Nsomba zina zosaphika zimapha vitamini B1 m'thupi, ndipo nsomba zamchere zimakhala ndi mchere woposa umene kamphaka kangapirire. Mafupa ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Panado, amene ambiri amathamangira chiweto chikadwala, amapha mphaka ngakhale ndi kachidutswa chabe. Dibi wa ng'ombe ndi mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin ndi poizoni kwa amphaka. Khoswe wofa ndi mankhwala nayenso akhoza kupha mphaka amene wamudya.

Nthawi yofuna thandizo msanga

Chakudya si mankhwala a vuto lililonse. Kamphaka kafunika kuonedwa tsiku lomwelo ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati kakusanza mosalekeza, ngati kakana chakudya tsiku lathunthu, ngati nkhama zayera, kapena ngati khungu la pakhosi likatsinidwa likuchedwa kubwerera, chimene chili chizindikiro cha kutha madzi m'thupi. Thandizo loyamba limapezeka kwa alangizi a ziweto a boma kudzera ku ofesi ya zaulimi ya m'dera. Ku Blantyre kuli bungwe losamalira zinyama la BSPCA komanso madokotala a ziweto oyima paokha, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA. Ulendo womwewo ndi mpata wofunsa za katemera wa chiwewe, amene kamphaka kamalandira kakakwanitsa miyezi 3.

Chimbudzi cha kamphaka kodwala chikwiriridwe kutali ndi posewerera ana, ndipo wochotsa asambe m'manja ndi sopo, chifukwa mazira a njoka za amphaka amatha kudwalitsanso anthu. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, poti m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala kachilombo ka Toxoplasma kamene kamavulaza mwana wosabadwa.